Miyezi 20 ndi nkhuku zanga zotuwa: zomwe nthenga zandionetsa

Ndinagula tambala mmodzi ndi misoti iwiri kwa bambo wina wa ku Ulongwe, zonse zotuwa ngati phulusa la mbaula. Ndi za mtundu uja wa miyendo italiitali, zoima njo, pachifuwa pooneka khungu lofiira chifukwa nthenga zake n'zochepa. Mwiniwake anati zili ndi magazi a Shamo, nkhuku za ndewu za ku Japan. Ine sindimenyanitsa atambala. Chinandikoka ndi msinkhu wake ndi utoto wotuwawo, ndipo ndinkafuna khola lonse lidzakhale lotero.

Mazira oyamba ataswa pa tsiku la 21, mtima unandiwawa. Pansi pa make panatuluka anapiye akuda bii, ena otuwa, ena oyera mbuu. Amalume atawaona anangoti, "Mphwanga, apa tambala wa eni analowerera." Ndinamanga mpanda wa bango, n'kutsekera zitatuzo pazokha mwezi wathunthu ndisanayambenso kusunga mazira. Anapiye anatulukanso chimodzimodzi. M'kope langa, pa anapiye 31 a maulendo atatu, akuda analipo 9, otuwa 15, ndipo 7 anali oyera, omwe pokula anachita timadontho takuda apa ndi apo ngati awazidwa inki.

Wogulitsa uja ndinamuganizira zoipa pachabe. Utoto wotuwa sukhazikika, ngakhale mutasankha makolo abwino bwanji. Mwanapiye amalandira mbewu imodzi ya utoto kwa tambala, ina kwa thadzi. Pali mbewu ina yomwe ntchito yake ndi kusungunula kuda kwa nthenga. Nkhuku yopanda mbewuyo imakhala yakuda. Yomwe yalandira imodzi imatuwa. Yomwe yalandira ziwiri, kwa bambo ndi kwa mayi, kuda kumasungunuka kwambiri mpaka imayera, n'kutsala timadontho tija. Ndiye yotuwa iliyonse imanyamula mbali ziwiri, ndipo mukakweretsa zotuwa zokhazokha, pa anapiye anayi alionse yembekezani mmodzi wakuda, awiri otuwa, mmodzi woyera. Pa kuswa kumodzi chiwerengero chimatha kupendekeka, koma mukaphatikiza maulendo angapo chimayandikira pamenepo.

Chomwe chinandisangalatsa koposa ndi ichi. Ndinasunga tambala wakuda mmodzi ndi misoti iwiri yoyera ya madontho, zomwe poyamba ndinkafuna kungodyera nsima. Zitakula ndinaziika khola limodzi. Anapiye 11, onse otuwa! Wakuda alibe mbewu yosungunula ija, woyera ali nazo ziwiri, choncho mwana aliyense amalandira imodzi yokha. Amalume anawawerenga kawiri, atanyamula mmodzi mmodzi m'chipewa chawo. Kutuwa kwake sikofanana ndendende, ena ndi oderako, ena owala, ndipo atambala pakhosi ndi pamsana pamada kuposa misoti.

Pa kuweta kwenikweni, musanamizidwe kuti ndi nkhuku za phindu la msanga. Zimachedwa kukhwima, zanga zinayamba kuikira zitapitirira miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mazira ake ndi ochepa poyerekeza ndi za mikolongwe. Kufungatira ndiye zimatha, ndipo thadzi langa lina linalimbana ndi kabawi pabwalo ine ndikuona. Vuto ndi ukali. Atambala ang'ono amayamba kujomphana adakali ndi miyezi itatu, ndipo ndinataya mmodzi wotuwa bwino kwambiri chifukwa ndinachedwa kuwalekanitsa. Khola la tambala aliyense payekha limadya mitengo ndi nthawi. Kuzizira kwa kuno ku Angónia mu June ndi July nakonso kumavuta anapiye, poti nthenga zimachedwa kumera, moti ndimawagoneka m'dengu kukhitchini.

Katemera wa chitopa wa I-2, wodontheza m'diso uja, sindinaphonyepo, katatu pa chaka, ndipo mliri utadutsa m'mudzi mwathu khola langa linatsala.

Ndingagulenso? Inde, koma ndikanadziwa kale sindikanalipira mtengo wokwera wa zotuwa. Ndikanatenga tambala wakuda ndi misoti yoyera ya madontho, zomwe alimi ambiri amazitaya motchipa poziyesa zosakanizika. Panopa ndikufuna tambala wakuda wa kukhola lina, mwina cha ku Tsangano, chifukwa zanga zonse ndi pachibale ndipo sindikufuna kukweretsa za bere limodzi kachiwiri.