Chase kapena Sewell: Bengals inayenera kutenga ndani pa nambala 5?

Amene timakonda kulosera draft ya NFL timakakamira pa funso limodzi chaka ndi chaka: timu ili ndi mabowo awiri, mwayi wosankha koyambirira ndi umodzi wokha, ndiye iyambe kutseka liti? Mkangano wa Cincinnati Bengals wa mu 2021 ndi wabwino kuubwereza chifukwa anyamata onse awiri amene anthu ankalimbirana, Ja'Marr Chase ndi Penei Sewell, anadzakhala akatswiri, ndipo amene Bengals inamusiya anatengedwa ndi Detroit Lions patangodutsa dzina limodzi. Tingathe kuika matimu awiriwa pambalimbali n'kuona zimene iliyonse inakolola.

Kwa amene mwangoyamba kumene kutsatira masewerowa: mu NFL, ligi yaikulu ya mpira wa American football ku United States, muli matimu 32 ndipo palibe yotsika ligi. Imene yachita moipa kwambiri ndiyo imayamba kusankha pakati pa osewera ochokera m'makoleji, enawo n'kumatsatira, mpaka maraundi 7 atakwana. Kusankhaku ndiye draft. Bengals inamaliza sizoni ya 2020 itapambana masewero 4, kugonja 11 ndi kulepherana kamodzi, choncho inapeza nambala 5. Draft inayamba pa 29 Epulo 2021 ku Cleveland, madzulo kwa iwo, koma ku Lilongwe ndi ku Lusaka kunali cha m'ma 2 koloko usiku.

Vuto la Bengals linali poyera. Chaka chapitacho anatenga quarterback (woponya mpira amene amatsogolera kumwetsa) Joe Burrow wa ku koleji ya LSU pa nambala 1, ndipo m'masewero 10 okha adani anamugwetsa ali ndi mpira m'manja ka 32. Pa 22 Novembala 2020, akusewera ndi Washington, anamugwera pa bondo lakumanzere, mitsempha inaduka, sizoni yake n'kuthera pomwepo. Panthawi yomweyo A.J. Green, amene kwa zaka zambiri ndiye anali wogwira mipira wodalirika, anali atanyamuka kupita ku Arizona. Mabowo awiri aja ndi amenewo: woteteza Burrow, ndi womuponyera mpira.

Penei Sewell wa ku Oregon ndiye anali yankho la bowo loyamba. Anabadwira ku American Samoa, wolemera makilogalamu pafupifupi 150, ndipo tsiku la draft anali ndi zaka 20 zokha. Mu 2019 anapata Outland Trophy, mphoto ya wosewera wabwino koposa pamzere wakutsogolo m'makoleji, ali mnyamata wa zaka 19, akulimbana ndi anthu omuposa msinkhu. Omukayikira ankatchula mikono: anaiyeza mainchesi 33 ndi kachidutswa, pamene makochi ambiri amafuna tackle (woteteza quarterback woima kumapeto kwa mzere) wa mikono yofika 34 kuti azitha kukankha mdani asanamufike pachifuwa. Kunena zoona, nkhani ya mikonoyi inakula chifukwa anthu analibe china choti anene. Chaka chimenecho kunalibe Combine ya ku Indianapolis, kumene osewera olowa draft amayezedwa pamodzi, chifukwa cha Covid-19, aliyense ankayezedwa pa koleji yake, ndipo kanambala kalikonse kankasanduka mutu wa nkhani.

Ja'Marr Chase anali yankho la bowo lachiwiri, ndipo anali ndi chinthu chimene Sewell sakanakhala nacho: anasewerapo ndi Burrow. Mu 2019 ku LSU anagwira mipira 84, mayadi 1,780 ndi ma touchdown (kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo la adani) 20, n'kutenga Biletnikoff Award, mphoto ya wogwira mipira wabwino koposa m'makoleji. Pa fainolo ya makoleji, LSU itagonjetsa Clemson 42-25 mu Januwale 2020, iye yekha anathamanga mayadi 221 pa mipira 9. Onse awiri, Chase ndi Sewell, sanasewere sizoni ya 2020, anasankha kukhala pambali chifukwa cha mliri uja. Ndiye wolosera aliyense ankaweruza potengera mafilimu a masewero amene anali atagona chaka ndi miyezi.

Mbali ya Sewell inali ndi mfundo yosavuta kuimva: quarterback wogona chagada saponya mpira, kaya kutsogoloko kuli ndani. Komanso Bengals inali kale ndi Tee Higgins, amene inamutenga pa nambala 33 mu 2020, ndi Tyler Boyd. Ogwira mipira awiri abwino alipo, wachitatu ngwachiyani bondo la mwini timu lili ndi zipsera? Mbali ya Chase inkayankha kuti mzere woteteza ndi wa anthu 5, ndipo umalimba molingana ndi munthu wofooka kwambiri pa asanuwo. Mukaika katswiri mmodzi kumapeto, adani amangosamukira pakati pamene pali pofewa. Pamene wogwira mipira woopsa amasintha kaimidwe ka adani onse: amakakamizika kubweza anthu awiri kumbuyo kuti asawadutse, ndiye othamangira quarterback amachepa, mpira umatulukanso m'manja msanga. Ankatinso Bengals ili kale ndi Jonah Williams kumanzere, yangolemba Riley Reiff kumanja, otsalawo idzawapeza m'raundi yachiwiri.

Mawu akuti "idzawapeza m'raundi yachiwiri" ndiwo pagona nkhani yonse, ndipo olosera ambiri timawadumpha. Munthu akamati tengani Chase, kwenikweni akulosera zinthu ziwiri: kuti Chase adzachita bwino, ndi kuti woteteza wabwino adzapezeka mochedwa. Akamati tengani Sewell, akuloseranso ziwiri: kuti Sewell adzachita bwino, ndi kuti wogwira mipira adzapezeka mochedwa. Choncho kuyerekeza koyenera si Chase ndi Sewell paokha, koma mapeyala awiri.

Peyala ya Cincinnati ndi Chase ndi Jackson Carman. Bengals inali ndi nambala 38, inasinthana ndi New England n'kutsikira pa 46, n'kutenga Carman wa ku Clemson kuti asewere guard, woteteza wa mkati mwa mzere. Sanakhazikike. Chaka chotsatira malo ake anatengedwa ndi Cordell Volson, wa m'raundi yachinayi. Chopweteka n'chakuti oteteza abwino analipodi monga mbali ya Chase inanenera. Sam Cosmi anapita ku Washington pa nambala 51, Creed Humphrey ku Kansas City pa 63, ndipo Kansas City yomweyo inatola Trey Smith pa 226, m'raundi yachisanu ndi chimodzi. Mfundo inali yoona, dzina ndi limene linaphonyeka.

Peyala ya Detroit ndi Sewell pa nambala 7 ndi Amon-Ra St. Brown wa ku USC pa nambala 112, m'raundi yachinayi. St. Brown anagwira mipira 90 chaka chake choyamba, ndipo mu 2023 anagwira 119 ya mayadi 1,515 n'kulowa m'gulu loyamba la All-Pro, la osewera abwino koposa mu ligi pa malo aliwonse, limodzi ndi Sewell yemweyo. Mukaika mapeyala awiriwa pa sikelo, Detroit yapambana, ndipo si pang'ono. Koma samalani musanathamange nazo. Kupeza St. Brown pa 112 si ndondomeko imene timu ingaidalire. Matimu onse 32 anamudutsa, ena kangapo, Detroit yomwe inamudutsa m'raundi yachiwiri ndi yachitatu. Akanadziwa kuti adzakhala chotere sakanadikira mpaka tsiku lachitatu. Wolosera amene amati "wogwira mipira tidzamupeza mochedwa ngati Detroit" akuwerengera mwayi ngati ndalama ya m'thumba.

Tsopano zimene zinachitika pabwalo. Chase anayamba moipa m'masewero okonzekera sizoni, mipira ikumupulumuka m'manja, ndipo atanena kuti mpira wa mu NFL ndi wovuta kuuona chifukwa ulibe mizere yoyera ngati wa kukoleji, anthu anamuseka sabata yathunthu. Sizoni itayamba kuseka kunatha. Anamaliza ndi mipira 81, mayadi 1,455 ndi ma touchdown 13, n'kusankhidwa kukhala wosewera watsopano wabwino koposa kumbali yomwetsa. Pa 2 Januwale 2022 anathamanga mayadi 266 pa Kansas City tsiku limodzi. Bengals, imene inapambana masewero 4 chaka chapitacho, inapambana 10 n'kufika pa Super Bowl, fainolo ya NFL. Koma Burrow anagwetsedwa ka 51 m'sizoni imeneyo, kuposa quarterback wina aliyense mu ligi, ka 9 pa masewero amodzi ndi Tennessee amene Bengals inapulumukira pa phazi la Evan McPherson 19-16, ndi ka 7 pa Super Bowl. Mbali zonse ziwiri zinaona zimene zinalosera zikuchitika nthawi imodzi.

Mphindi yomaliza ya Super Bowl ija, pa 13 Febuluwale 2022, ndi imene anthu a mbali zonse amaigwiritsa ntchito, ndiye tiyeni tiione bwinobwino. Los Angeles Rams ikutsogola 23-20, Bengals ili pakati pa bwalo, mwayi wachinayi, umene ndi womaliza, yadi imodzi yotsala kuti ipitirize kukhala ndi mpira. Burrow walandira mpira. Kumanja, Chase wamuthawa Jalen Ramsey, amene amamulondera, ndipo Ramsey wapunthwa n'kugwa. Kutsogolo kwa Chase kulibe munthu. Koma Aaron Donald wa Rams wadutsa kale guard wakumanzere, wamukumbatira Burrow m'chiuno n'kumuzungulitsa, mpira n'kutuluka mwachisawawa kugwera pansi. A mbali ya Sewell amati mwaona, wogwira mipira ali yekhayekha koma woponya alibe nthawi. A mbali ya Chase amati taonaninso bwino pamene Donald anadutsira: pakati, pa guard, osati kumapeto kumene Sewell akanaima. Ine ndimapereka mfundo imeneyi kwa a mbali ya Chase, koma osati yonse, chifukwa Reiff anali atavulala mu Disembala ndipo kumanja kunali wolowa m'malo, Isaiah Prince, amene Von Miller ndi anzake anamuvutitsa usiku umenewo. Sewell akanachepetsako zina mwa 7 zija. Funso limene a mbali ya Sewell satha kuliyankha ndi lakuti popanda Chase timu imeneyi ikanafika bwanji pa Super Bowl.

Sewell ku Detroit anayamba mwakachetechete. Lions inapambana masewero 3 okha mu 2021. Iye anayamba kumanzere chifukwa Taylor Decker anali wovulala, kenako anasamukira kumanja kumene anakhazikika. Ntchito ya tackle siioneka m'manambala, mumaiona pamene Jared Goff, quarterback wa Lions amene sathamanga, waima kumbuyo kwa omuteteza osagwedezeka mpaka munthu wake atamasuka. Mu 2023 Lions inapambana masewero 12 n'kugonja 34-31 kwa San Francisco pa khomo la Super Bowl, mu 2024 inapambana 15. Koma dziwani kuti Sewell analowa pamzere umene unali kale ndi Decker ndi Frank Ragnow. Anali njerwa yomaliza, pamene ku Cincinnati akanakhala yoyamba. Ichi n'chifukwa chake kulosera kongoyang'ana mndandanda wa osewera abwino, osayang'ana amene wosewerayo akaime nawo, kumasokeretsa.

Panali njira yachitatu imene inkatchulidwa pang'ono: kugulitsa nambala 5, kutsika pang'ono, n'kutenga Rashawn Slater wa ku Northwestern, amene anapita ku Los Angeles Chargers pa 13 n'kusankhidwa ku Pro Bowl, gulu la akatswiri a ligi, chaka chake choyamba. Papepala imakoma. Koma imafuna wogula, ndipo ma quarterback atatu anali atapita kale pa nambala 1, 2 ndi 3, zimene zimachepetsa ofuna kukwera. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: mukatsika kwambiri mutha kuwaphonya onse atatu.

Pa ndalama, msika unayankha mokomera Chase. Sewell anasaina mu Epulo 2024 zaka 4 pa madola 112 miliyoni, Chase mu Malichi 2025 zaka 4 pa madola 161 miliyoni. Izi zili ndi tanthauzo kwa wolosera, chifukwa malipiro a wosewera watsopano amatengera nambala imene watengedwera, osati malo amene amasewera. Pa nambala 5 mulipira chimodzimodzi kaya ndi tackle kaya ndi wogwira mipira, ndiye mumapindula kwambiri mukatenga munthu wa malo okwera mtengo pamsika. Ndipo oteteza Bengals inathadi kuwagula: Alex Cappa, Ted Karras ndi La'el Collins mu 2022, Orlando Brown Jr. mu 2023. Wogwira mipira wa msinkhu wa Chase sapezeka pamsika wa osewera omasuka. Timu imene ili naye imamusunga kapena imafuna ma pick a raundi yoyamba posinthana.

Mukandifunsa, Bengals inasankha bwino pa nambala 5 n'kulakwitsa pa 46, ndipo Detroit inasankha bwino pa 7 n'kuchita mwayi pa 112. Akanasinthana, sindikhulupirira kuti aliyense akanapindula kuposa mmene anachitira. Chimene mbali zonse ziwiri sizinkachiona mu 2021 chinadzaonekera mu 2024. Chaka chimenecho Bengals inatenga tackle Amarius Mims wa ku Georgia pa nambala 18, Burrow anatsogola ligi yonse ndi mayadi 4,918 ndi ma touchdown 43, Chase anatsogola pa mipira yogwira, 127, pa mayadi, 1,708, ndi pa ma touchdown, 17. Timuyo inapambana masewero 9, kugonja 8, osafika n'komwe mu ma playoff, masewero achipulumutso opita ku Super Bowl, chifukwa otchinga kumbuyo ankalola adani kumwetsa mapointi ochuluka kwambiri.