Modemu ya USRobotics USR5637 pa Linux: imadziwika yokha, ntchito yotsala ndi ya wvdial

USRobotics USR5637 ndi modemu yaing'ono ya pa lamya, yolowetsa pa USB, imene imatenga magetsi ku kompyuta komweko ndipo imakwana m'dzanja limodzi. Ndaigwiritsa ntchito pa Debian ndi pa Ubuntu, mitundu iwiri ya Linux, ndipo maganizo anga ndi akuti munthu amene akufunikabe kuimba nambala ya lamya kuti alowe pa intaneti, kapena kuti atumize fax kuchokera pa Linux, ayambire pa chipangizo cha mtundu umenewu. Ubwino wake umamveka bwino munthu akadziwa kaye chimene chimasowa m'mamodemu ena ambiri, amene kunja kwake amaoneka ofanana nayo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, opanga zipangizo anapeza njira yotsitsira mtengo wa modemu. Anachotsamo kachipangizo kolamulira ntchito zake, ndipo ena anachotsamonso kamene kamasandutsa deta kukhala phokoso loyenda m'chingwe cha lamya, n'kusenzetsa ntchito yonseyo purosesa ya kompyuta kudzera mu dalaivala, pulogalamu yoyendetsa chipangizo, wolembedwera Windows. Mamodemu amenewa ndiwo amatchedwa winmodem kapena softmodem, ndipo ndiwo anadzaza m'malaputopu ndi m'makadi a PCI a nthawi imeneyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: kabowo kolowetsa chingwe kalipo, dzina la 56K, lonena za liwiro lake, lalembedwa pa katoni, koma popanda dalaivala wakeyo chipangizocho sichingaimbe nambala iliyonse. Anthu a Linux anayesetsa kwambiri kuti zipangizozi zigwire ntchito. Panali ltmodem ndi martian za machip a Lucent ndi Agere, panali slmodemd ya Smart Link, panalinso madalaivala a Linuxant a machip a Conexant, amene mtundu wawo waulere unkathera pa liwiro la 14.4 kbps. Gulu la Linmodems linakonza pulogalamu ya scanModem yothandiza munthu kudziwa chip imene ili m'kompyuta yake. Khama limenelo ndi loyamikirika, koma madalaivala ambiriwa anali ndi zigawo zotsekedwa zimene palibe wina angazikonze kupatula mwini wake, zambiri mwa izo zinali za makompyuta a 32-bit, ndipo kernel, imene ndi phata la Linux, ikasintha zinkaleka kugwira ntchito. Inenso ndinalimbanapo ndi modemu ya m'kati mwa laputopu yakale, imene dalaivala wake ankakana kumangika pa kernel yatsopano, ndipo sindingalangize munthu kutsata njira imeneyo lero ngati ali ndi mwayi wosankha ina.

USR5637 ili ndi kachipangizo kolamulira m'kati mwake, ndipo imalankhula ndi kompyuta motsatira muyezo wa USB wotchedwa CDC ACM, umene Linux yakhala ikuudziwa kwa zaka zambiri kudzera mu dalaivala wa cdc_acm amene amabwera ndi kernel yomwe. Mukailowetsa, lembani lamulo la dmesg ndipo mudzaona mzere wonena kuti ttyACM0 yapezeka; kuyambira pamenepo modemu yanu ndi fayilo ya /dev/ttyACM0. Palibe chotsitsa kwa wopanga, palibe chomanga, ndipo kernel ikasinthidwa mawa modemuyo idzadziwikabe chimodzimodzi. Kuti mutsimikize kuti ikumva, tsegulani minicom, pulogalamu yolembera malamulo ku modemu, pa /dev/ttyACM0, lembani AT, ndipo ikayankha kuti OK ndiye kuti mbali ya chipangizo yatha. Lamulo la ATI3 limaichititsa kunena dzina lake, pomwe ATDT lotsatiridwa ndi nambala limaichititsa kuimba. Malamulo amenewa anachokera ku Smartmodem ya kampani ya Hayes ya mu 1981, ndipo ndimaona kuti n'chinthu chamtengo wapatali kuti chipangizo chimayankhabe chilankhulo chimene munthu angalembe ndi zala zake n'kuwerenga yankho lake, chifukwa zinthu zikavuta mumadziwa msanga ngati vuto lili mu modemu, m'chingwe kapena mu pulogalamu.

Pali zopinga ziwiri zing'onozing'ono zimene zimachokera ku Linux. Pa Debian ndi Ubuntu, fayilo ya /dev/ttyACM0 ndi ya gulu la dialout, ndipo pppd, pulogalamu yokhazikitsa kulumikizana ndi intaneti modemu ikaimba, imafuna gulu la dip, choncho dzina lanu liyenera kulowetsedwa m'magulu onse awiri, kenako mutuluke ndi kulowanso kuti kusinthako kugwire. Chachiwiri ndi ModemManager, pulogalamu yoyang'anira mamodemu a foni zam'manja, imene imakonda kufunsa mafunso chipangizo chilichonse cha ttyACM chikangolowetsedwa. Mukaona uthenga wonena kuti chipangizo chili pa ntchito ina, dikirani pang'ono kapena muimitse ModemManager ndi systemctl.

Gawo limene limafuna kudekha ndi la kuimba. Pulogalamu imene ndimadalira ndi wvdial, imene imaimba nambala, n'kuyang'anira zimene mbali inayo ikuyankha, kenako n'kupereka chingwe kwa pppd kuti ikhazikitse kulumikizana kwa PPP, njira imene deta ya intaneti imayendera pa lamya. Apa pali msampha umene umagwira anthu ambiri: wvdial simabwera yoikidwa kale m'ma Linux ambiri a masiku ano, ndipo munthu amene intaneti yake yokhayo ndi ya pa lamyayo alibe njira yoitsitsira. Muyenera kutenga mafayilo ake pa kompyuta ina, pamodzi ndi ppp komanso malaibulale a wvstreams amene imadalira, n'kuwasamutsa pa fulashi musanayambe chilichonse. Izi zikatheka, lamulo la wvdialconf limafufuza lokha madoko onse, n'kupeza modemu pa ttyACM0, n'kulemba fayilo ya /etc/wvdial.conf yokhala ndi mizere ya Init1 ndi Init2 yoyenera chipangizocho. Chimene chimatsalira kwa inu ndi mizere itatu, Phone, Username ndi Password, ndipo musaiwale kufufuta chizindikiro cha semicolon chimene chimakhala kumayambiriro kwa mizereyo, chifukwa chikatsala wvdial saiwerenga. Pa USR5637 kufufuzaku kunayenda mosavuta ndipo sindinafunike kusintha mizere ya Init. Amene sakonda kulemba malamulo angayese gnome-ppp, imene ndi nkhope chabe yoikidwa pamwamba pa wvdial, koma ndimaona kuti kuwerenga mauthenga a wvdial mwachindunji kumathandiza kwambiri zinthu zikakana.

Mauthengawo ndi ochepa ndipo aliyense ali ndi tanthauzo lomveka. NO DIALTONE amatanthauza kuti modemu sikumva kulira kwa lamya. Yambani mwayesa chingwecho ndi foni wamba, ndipo ngati foniyo ikulira bwinobwino, onjezani X3 pa mzere wa Init kuti modemu iimbe osadikira kulirako, pakuti kalilidwe ka lamya kamasiyana m'maiko ndi m'maofesi. Ngati lamya yanu imafuna nambala yotulukira kunja, ilembeni patsogolo n'kuika chizindikiro cha koma (,), chimene chimaimitsa modemu masekondi awiri. NO CARRIER amasonyeza kuti mamodemu awiriwo sanamvane kapena chingwe chaduka. Nthawi zina CONNECT amaoneka koma wvdial n'kumangodikira mawu ofunsa dzina amene sakubwera, ndipo mankhwala ake ndi mzere wa Stupid Mode = 1, umene umaiuza kuti iyambitse pppd nthawi yomweyo. Pppd ikatseka imasiya nambala: 19 ndiye kuti dzina kapena pasiwedi zakanidwa, ndipo muyang'ane mu /etc/ppp/pap-secrets ndi /etc/ppp/chap-secrets, 16 ndiye kuti modemu yadula, 10 ndiye kuti mbali ziwirizo zalephera kugwirizana pa PPP. Vuto limene limasokoneza kwambiri mutu ndi lakuti zonse zaoneka kuti zalumikizana, adiresi ya IP yabwera, koma tsamba lililonse likukana kutseguka. Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chakuti waya wa netiweki kapena Wi-Fi idakali yoyatsa ndipo pppd yakana kulanda njira imene inalipo kale, kapena maadiresi a DNS, maseva omasulira maina a masamba kukhala maadiresi a IP, sanalembedwe mu /etc/resolv.conf.

Pa nkhani ya liwiro m'pofunika kunena zoona. Modemuyi imatsatira muyezo wa V.92 wa mu 2000, umene unabwera pambuyo pa V.90 wa mu 1998, ndipo V.90 ndiye anathetsa mpikisano wa njira ziwiri zosamvana, X2 ya USRobotics ndi K56flex ya Rockwell ndi Lucent. Nambala ya 56 kbps ndi malire a potsitsa, ndipo imatheka pokhapokha kampani ya intaneti italumikizidwa ku netiweki ya lamya mwa dijito, kotero kuti mawu akusandulika kamodzi kokha panjira. Potumiza, V.90 imathera pa 33.6 kbps ndipo V.92 imatha kufika pa 48 kbps ngati mbali inayo ikulola. Mamodemu awiri wamba akaimbirana okhaokha sapitirira 33.6 kbps, ngakhale onse atalembedwa 56K. Kutalika kwa chingwe, kukalamba kwake ndi phokoso la m'njira zimatsitsanso liwirolo, ndipo palibe modemu imene ingakonze chingwe choipa. Chenjeraninso ndi nambala ya pa mzere wa Baud mu wvdial.conf, chifukwa imanena za pakati pa kompyuta ndi modemu, osati za pa lamya. Powerengera, 56 kbps ndi makilobayiti 7 pa sekondi, kutanthauza kuti megabayiti imodzi imatenga mphindi zoposa ziwiri ngakhale zinthu zitayenda bwino kwambiri.

Liwiro limeneli limakwanira makalata a imelo opanda zithunzi, kulowa pa kompyuta ina kudzera pa SSH, ndi kuwerenga masamba ndi Lynx kapena w3m, mapulogalamu oonetsa mawu okha. Masamba olemera a masiku ano, odzaza ndi zithunzi ndi JavaScript, amatopetsa, ndipo ena amatha nthawi asanatseguke. Ndikulangiza kuti muzimitse kutsitsa kwa zosintha kodzichitikira kokha, monga unattended-upgrades, chifukwa kukayamba kumbuyo kumadya chingwe chonse inu osadziwa chimene chachedwetsa zinthu. Pa fax modemuyi imagwira ntchito ndi pulogalamu ya efax, ndipo ntchito imeneyi ndi imodzi mwa zifukwa zomveka zimene maofesi ena akusungirabe chipangizo chotere.

Musanagule, tsimikizani zinthu ziwiri zimene modemu yabwino singakuthandizeni nazo. Choyamba, kodi nambala yoimba ilipo? Makampani opereka intaneti ya pa lamya akutha, ndipo ngakhale kampani ya AOL, imene dzina lake linkayendera limodzi ndi ntchitoyi ku America, inaitseka kumapeto kwa Seputembala 2025. Chachiwiri, kodi lamya yanu ndi ya waya wa kopa weniweni? Malamya ambiri tsopano amadutsa pa VoIP, kutanthauza kuti mawu amayenda pa intaneti m'timagawo ta deta totchedwa mapaketi, ndipo kupanikiza mawu ndi kuchedwa kwa mapaketi kumene khutu la munthu silimva kumasokoneza mamodemu, moti liwiro limatsika kwambiri kapena kulumikizana kumaduka pafupipafupi. Kumene kumagwa mphezi, zulani chingwe cha lamya mukamaliza, chifukwa magetsi olowera kumeneko angaononge modemu ndi kompyuta yomwe.

Ngati muli kale ndi modemu yakunja yakale yolowetsa pa doko la serial, simufunika kugula ina, pakuti pafupifupi yonse ya mtundu umenewo ili ndi kachipangizo kolamulira ndipo imaoneka ngati /dev/ttyS0, kapena /dev/ttyUSB0 mukadutsa pa kachingwe kosinthira ku USB. Kuipa kwake n'kwakuti imafuna magetsi akeake ndi zingwe zambiri, ndipo apa m'pamene USR5637 imapambana kwa munthu wa laputopu. Koma musaganize kuti modemu iliyonse ya USB ndi yofanana ndi iyi, chifukwa pakati pawo palinso ma softmodem. Ngati wogulitsa akulola, ilowetseni pa kompyuta ya Linux musanalipire, lembani dmesg, ndipo mugule pokhapokha mwaona ttyACM0 ndipo AT yayankhidwa ndi OK.