Kusanja mafayilo pa NAS: pamanja kapena ndi AI?

Kwathu ku Moatize tili ndi kabokosi ka NAS, kosungiramo mafayilo pa netiweki ya m'nyumba, komwe aliyense amangoponyamo zithunzi, mavidiyo a ukwati, ma PDF a kusukulu, zonse mbwee. Kusanja pamanja umadziwa pomwe waika chinthu, koma abale zithunzi za pa WhatsApp zija mayina ake ndi manambala okhaokha, umatopa usanafike n'pakati pomwe. Immich, pulogalamu yosanja zithunzi yomwe ili ndi AI, ndiye imazindikira nkhope, ndinangolemba dzina la agogo kamodzi basi zithunzi zawo zonse zinabwera pamodzi, ndipo zonsezi zimachitikira m'nyumba momwemo osatumiza kunja. Koma imafuna makina amphamvu, kabokosi kofooka kamatentha ndi kutentha kwa kuno, komanso mapasa athu imawasokoneza. Zithunzi ndaisiyira AI, koma ma BI (zitupa za unzika) ndi zikalata za munda ndimasanjabe ndekha.