Kumene ndinapeza mbiri ya mafakitale a ku Limbe: laibulale ya ku Mandala ndi nkhokwe ya zikalata ya ku Zomba

Agogo anga aamuna anagwira ntchito m'fakitale ina ya ku Limbe m'nthawi ya atsamunda, ndipo atatisiya tinangotsala ndi chitupa chawo chimodzi, chodyeka m'mbali, chokhala ndi nambala yolembedwa ndi inki yomwe tsopano yasanduka yofiirira. Chitupa chimenechi ndicho chinandinyamula kuti ndikafufuze mmene ntchito za mafakitale zinayambira m'dera la Blantyre ndi Limbe. Poyamba ndinapita ku ofesi ya kampani imene inalowa m'malo mwa ija agogo ankagwirako, koma kumeneko anandiuza kuti mapepala onse akale anatayidwa pamene kampaniyo inkasintha eni ake, ndipo ndinatuluka pachipata mtima uli wosweka, poganiza kuti thukuta la anthu ochuluka chonchija linathera kudzala. Malo awiri ndiwo anandibwezera chiyembekezo, ndipo ndikufuna kufotokoza chimene malo aliwonse angamuchitire munthu amene ali pa ulendo wonga wangawu.

Malo oyamba ndi laibulale ya bungwe la Society of Malawi, imene ili m'chipinda chapamwamba cha nyumba ya Mandala mumzinda wa Blantyre. Nyumbayo payokha ndi umboni wa nkhani imene munthu wabwera kudzafufuza, chifukwa inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, imene abale awiri a ku Scotland, John ndi Frederick Moir, ankayendetsa kuyambira mu 1878. Dzina lakuti Mandala linachokera ku magalasi amene John Moir ankavala, ndipo linafala mpaka kukhala dzina la kampani yonse, ya masitolo ake ndi ya sitima zake zapamadzi zimene zinkayenda mu Shire ndi panyanja. Munthu ukamakwera masitepe, kenaka n'kuima pakhonde lalikulu lija, umazindikira kuti waponda pamene malonda a mtundu watsopano anayambira m'dziko muno, mabuku usanawakhudze n'komwe.

Bungwe la Society of Malawi linakhazikitsidwa mu 1946 pansi pa dzina lakuti Nyasaland Society, ndipo magazini ake a kafukufuku, amene anayamba kutuluka mu 1948, ndiwo chuma chimene ndikulangiza aliyense kuti ayambirepo. M'magaziniwa muli nkhani za njanji, za tiyi, za fodya, za thonje ndi za sitima zapamadzi, zambiri mwa izo zolembedwa ndi anthu amene anaziona ndi maso kapena amene anagwira ntchito m'makampaniwo. Kumeneko ndiko ndinamvetsa chifukwa chake Limbe inakula mmene inakulira. Njanji ya Shire Highlands Railway, yochokera ku Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo likulu ndi malo okonzera sitima anaziika ku Limbe; m'chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake komweko, ndipo pofika mu 1938 msika wa okushoni wa fodya unayambanso ku Limbe. Zinthu zitatuzi ndizo zinakoka anthu kuchokera ku Chiradzulu, ku Thyolo, ku Mulanje ngakhalenso kutsidya kwa malire ku Mozambique, ndipo agogo anga anali mmodzi mwa khamu limenelo.

Ubwino wa laibulale imeneyi ndi wakuti ndi yaing'ono moti munthu susochera, ndipo mayi amene anandilandira atangomva kuti ndikufuna za Limbe, anandiikira patebulo mabuku, mapu ndi zithunzi zimene ndekha sindikanadziwa kuzipempha. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana zithunzi za atengatenga, amuna amene ankasenza katundu pamutu kuchokera kumtsinje kukwera naye mapiri njanji isanabwere, mapazi ali opanda nsapato, nkhope zili zolimba. Apa mpamene ndinaona malire a chuma cha m'chipindachi: pansi pa zithunzi zambiri za nthawi imeneyo dzina la mzungu limalembedwa lonse, pamene anthu akuda amene aima pambali pake, ngakhale atakhala makumi awiri, satchulidwa. Limeneli si vuto la amene akusunga zithunzizo lero, koma ndi mmene olemba a nthawiyo ankaonera dziko, ndipo wofufuza ayenera kuwerenga akudziwa kuti akumva mawu a eni makampani ndi mamanijala awo.

Kuti munthu ayandikire ogwira ntchito eniakewo, ayenera kupita ku Zomba, ku National Archives of Malawi, kumene boma limasunga zikalata zake zakale. Nkhokwe imeneyi inayamba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives, imene likulu lake linali ku Salisbury, kumene lero ndi Harare. Chinthu choyamba chimene wofufuza ayenera kudziwa asanakwere minibasi n'chakuti mu 1919 moto unatentha maofesi akuluakulu a boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zam'mbuyo anapsera momwemo. Choncho amene akufuna za zaka zoyambirira za njanji kapena za minda yoyamba ya tiyi ku Mulanje adzapeza mafayilo ochepa kuposa mmene amayembekezera, ndipo ayenera kudalira zinthu zosindikizidwa monga Gazette ya boma, manyuzipepala akale ndi mabuku a ziwerengero a chaka ndi chaka otchedwa Blue Books.

Ma Blue Books amenewa anandithandiza kuposa china chilichonse, ngakhale kuti poyamba amaoneka ouma, chifukwa ndi mizere ya manambala yokhayokha. Muli katundu amene dziko linagulitsa kunja, muli malipiro a anthu a ntchito zosiyanasiyana, mulinso mndandanda wa mafakitale amene analipo chaka chimenecho. Ukaika mabuku a zaka zingapo motsatizana patebulo n'kumatsata mzere umodzi ndi chala, umayamba kuona fodya akukwera, thonje likutsika, tiyi akukula, ndipo umamvetsa chifukwa chake chaka china anthu ankalembedwa ntchito mwaunyinji pamene chaka china ankabwezedwa pachipata. Pambali pa amenewa pali mafayilo a ofesi yaikulu ya boma, amene nambala zake zambiri zimayamba ndi S1, komanso malipoti a ma DC ndi a nthambi yoona za apantchito. M'menemo ndimo mawu a anthu wamba amatulukira, ngakhale kudzera m'cholembera cha wina: madandaulo a thangata m'maesiteti, nkhani za msonkho wa nyumba umene unkakankhira anthu kukafuna ntchito, ndi kudandaula kwa eni minda kuti amuna akuthawira ku Wenela ndi ku Mthandizi, mabungwe olemba anthu ntchito za ku South Africa ndi ku Southern Rhodesia, kumene malipiro anali okwererapo.

Pali msampha umodzi umene unandidyera tsiku lathunthu, ndipo unali wa ine mwini. Ndinkafufuza m'mabuku a mndandanda pogwiritsa ntchito mayina a lero, osapeza kanthu, kufikira bambo wina wogwira ntchito pamenepo atandikumbutsa mwaulemu kuti zikalata zimadziwa mayina a nthawi yake. Nsanje ndi Port Herald, Mangochi ndi Fort Johnston, Thyolo amalemba Cholo, Mulanje ndi Mlanje, Nkhotakota ndi Kota Kota. Makampani nawonso ankasintha mayina akagulidwa kapena akaphatikizana, choncho n'kwanzeru kufika ku Zomba muli ndi kope limene mwalembamo kale mayina akale ndi zaka zake, ndipo ichi ndicho chifukwa chake ndikuti ulendo uyambire ku Mandala. Ku Zomba si koti n'kupitako m'mawa n'kubwerako masana nkhani ili m'manja. Fayilo imodzi imakutumiza ku inzake, mapepala ena ndi opyapyala moti umawatembenuza ndi manja awiri, ndipo munthu ayenera kukonzekera malo ogona kwa masiku angapo.

Amene akufuna za mafakitale a pambuyo pa ufulu, monga magetsi a ku Nkula a mu 1966, fakitale ya nsalu ya David Whitehead ya mu 1967 kapena ya mowa ya Carlsberg ya mu 1968, adzathandizidwanso ku Zomba komweko, popeza lamulo limafuna kuti chilichonse chosindikizidwa m'dziko muno chiperekedwe kunkhokweko, ndipo manyuzipepala a zaka zimenezo amanena zambiri za kutsegulidwa kwa malo amenewa. Ndipo amene akufuna kuona ndi maso zitsulo zimene akuwerenga m'mapepala apatukire ku nyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri, kumene mitu yakale ya sitima zoyendera nthunzi yaima panja.

Dzina la agogo anga sindinalipeze pa pepala lililonse, ku Mandala kapena ku Zomba. Chimene ndinapeza ndi tanthauzo la mawu awiri amene ankawatchula kawirikawiri ife tili ana osawamvetsa, tikiti ndi phoso: tikiti inali khadi limene kapitawo ankachongapo tsiku lililonse munthu akagwira ntchito, malipiro n'kubwera masiku akakwana, pamene phoso linali chakudya chimene wantchito ankalandira pamwamba pa ndalamazo. Nditabwerako ndinatenga chitupa chija ndi kope langa kupita nazo kwa mlamu wawo wa agogo, amene akadali moyo ku Bangwe ndipo maso awo ayamba kuchita chidima. Nditawawerengera za tikiti, anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Mdzukulu wanga, walemba zoona, koma sunalembe za wezulo wa m'mamawa.” Anayamba kufotokoza mmene ankadzukira tambala asanalire kuti wezuloyo awapeze ali pachipata, ndipo ine ndinatsegula tsamba latsopano m'kope muja n'kuyamba kulemba.