Benchi ya agogo kapena a kumpingo: mtima ukalema ndi za nyengo

Namondwe wa Freddy atakokolola midzi ku Mulanje ndi Phalombe mu 2023, ambiri mwa ife Amalawi okhala kuno ku Harare tinkagona foni ili m'manja. Kenako chilala cha 2024 chinapsereza chimanga. Tulo timasowa, mutu umangozungulira. Ashona amati kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso. Ndiye tikapepukire kuti?

Njira imodzi ndi Friendship Bench, ndondomeko yothandiza anthu ovutika m'maganizo, imene inayambitsidwa ndi Dr Dixon Chibanda ku Mbare, dera lina la mu Harare muno, mu 2006. Mumakhala pa benchi panja pa kiliniki ndi agogo ophunzitsidwa kumvetsera. Salipiritsa, sapereka mankhwala. Mumatchula zonse zokusautsani, n'kusankha vuto limodzi, kenako mumapangana chochita musanakumanenso, mwina mpaka kasanu ndi kamodzi. Mvula agogowo sangaibweretse, koma nkhani ya ufa watha kapena ndalama zotumiza kumudzi imagwirika. Chinanso, zanu zimathera pabenchipo. Vuto lake, amacheza m'Chishona, ndipo chisoni china chimatuluka bwino m'chinenero chimene unayamwira.

Apa mpamene mpingo umapambana. Ku CCAP ya Harare Synod nyimbo za Chichewa zimamveka, anthu amadziwa kumene kuli Phalombe osachita kuwafotokozera, ndipo amasonkha kangachepe maliro akagwa kumudzi. Koma makutu ndi ambiri, ndipo ena amafulumira kunena kuti "ingopempherani" musanamalize n'komwe.

Ine ndikalira ndimapita kumpingo. Koma munthu amene watha milungu osagona, osadya, ndimamuperekeza ku benchi, chifukwa agogowo akaona kuti zakula amatumiza kwa namwino.