Galimoto pakhomo, kapena basi, njinga ndi takisi: banja lingakwanitse ndi ziti?

Ambiri tikamawerengera ndalama za galimoto timangoona mafuta, ndipo mpamene nkhani yonse imapotokera. Mafuta mumagula mukafuna kuyenda. Koma inshuwalansi, msonkho wa pamsewu ndi chiwongoladzanja, ngati munaigula pangongole, zimakudyani ngakhale galimotoyo itagona pakhomo mwezi wathunthu. Batire imatha mphamvu ikakhalitsa osaliza injini, matayala amakalamba ndi zaka ngakhale asanaperepeseke, ndipo tsiku lililonse galimotoyo ikunka nikalamba. Pulofesa wina wa ku Los Angeles, Donald Shoup, anatchukitsa mfundo yakuti galimoto wamba imakhala itangoima pafupifupi 95 peresenti ya nthawi. Ndiye kuti pa maola 24, imagwira ntchito ola limodzi ndi mphindi zochepa. Maola enawo mukulipirira chitsulo chogona.

Komabe galimoto ili ndi mphamvu yake imene basi singafikepo. Mukwere nokha kapena mukwere asanu, mafuta ndi omwewo, kusiyana kwake nkochepa. Pabasi mutu uliwonse ndi ndalama. Banja la ana atatu likamapita kumalo amodzi limodzi, masamu amatembenuka msanga. Galimoto imapambananso pa ulendo wa maimaima: kusiya mwana kusukulu, kudutsira ku famase, kukatenga katundu wolemera, kenako kuntchito. Pabasi umenewu ndi maulendo anayi, kudikira kanayi.

Koma taonani bwino mmene banja limayendera pakati pa sabata. Bambo kwina, mayi kwina, ana kusukulu ziwiri zosiyana, onse nthawi imodzi ya mmawa. Galimoto imodzi singagawike panayi. Chimene chimachitika nchakuti mmodzi wa makolo amasanduka dalaivala wa nyumba yonse, ndipo enawo amakwerabe basi ngakhale pakhomo pali galimoto.

Za basi ndi sitima sindinganene kuti nzabwino kapena nzoipa, chifukwa zimatengera kumene mukukhala. Mzinda wa Curitiba ku Brazil unapatsa mabasi misewu yawoyawo mu 1974, Bogotá ku Colombia inatsatira ndi mabasi ake otchedwa TransMilenio mu 2000, ndipo kumeneko basi imadutsa magalimoto ali pamdipiti. Ku Tallinn, likulu la dziko la Estonia, anthu a mumzindawo amakwera ulere kuyambira 2013, pomwe dziko la Luxembourg linachotsa malipiro a basi ndi sitima wamba mu 2020. Koma ine ndimati musayambe ndi kufunsa mtengo. Funsani kuti imabwera kangati. Basi yobwera mphindi 10 zilizonse simuiganizira nkomwe, mumangopita pasiteji. Yobwera kamodzi pa ola, kapena yodikira kuti idzaze kaye, ndi imene imakulamulirani tsiku lonse. Funsaninso kuti yomaliza imanyamuka nthawi yanji, makamaka ngati wina panyumba amaweruka usiku.

Njinga yakapalasa anthu amaipeputsa, koma pa mtunda waufupi palibe choipambana. Munthu woyenda pansi amatha makilomita 5 pa ola. Wopalasa mosathamanga amatha mtunda womwewo pa mphindi 20, osadikira munthu, osasaka poimika. Tcheni chikaduka kapena chubu likaphulika, ndalama yake siyofanana nkomwe ndi ya kwa makaniko. Ku Copenhagen m'dziko la Denmark ndi ku Amsterdam m'dziko la Netherlands makolo amanyamula ana awiri kapena atatu m'bokosi la kutsogolo kwa njinga, pamodzi ndi zogula. Njinga zamagetsi zachepetsanso vuto la zitunda ndi thukuta.

Vuto la njinga si mvula kwenikweni, ndi msewu. Lipoti la World Health Organization la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Kumene njinga ili ndi kanjira kakekake, mwana wa zaka 10 angathe kupita yekha kusukulu. Kumene ayenera kupikisana ndi malole, ine sindingamulole. Njinga yamoto ndiyachangu komanso siidya mafuta ambiri, koma kwa banja la ana ang'onoang'ono ndingoidutsa: khanda silivala helimeti.

Tsopano tifike pa chimene chimagulitsa magalimoto ambiri, omwe ndi mantha. Mwana watentha thupi 2 koloko usiku, kapena mayi woyembekezera wayamba kumva kupweteka, mutani? Funso limeneli ndi loona ndithu, ndipo basi ndi njinga zilibe yankho. Yankho lili pa takisi ndi galimoto yahayala. M'mizinda yambiri mumaitana pafoni kudzera pa Uber kapena Bolt. Kwina kuli makampani obwereketsa galimoto pa ola, monga Mobility ya ku Switzerland yomwe inayamba mu 1997 ndi Zipcar ya ku America ya mu 2000. Takisi ndiyodula pa ulendo umodzi, inde. Koma werengani kuti usiku woterewu umabwera kangati pachaka. Ngati ndi kawiri kapena katatu, ngakhale mutaphatikiza ulendo wautali wa patchuthi, ndalamayo kawirikawiri siifika pa imene galimoto imadya ili chiimire.

Pali zovuta ziwiri pamenepa. Takisi zambiri sizikhala ndi mpando wa mwana, muyenera kunyamula wanu. Ndipo kumalo akutali ndi tauni, mukhoza kuimba foni mpaka mbandakucha osapeza wobwera. Kudalira galimoto ya mnansi nakonso musakuwerengere. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tsiku lomwe mwaifunitsitsa ndi lomwe mwiniwake watuluka nayo.

Ndiye ndani angakhale wopanda galimoto? Ngati sukulu ndi msika zili pamtunda woyenda pansi kapena panjinga, basi ya kuntchito imabwera pafupipafupi, ndipo muli ndi manambala a madalaivala awiri kapena atatu odalirika, mungathe ndithu, bola mwezi uliwonse muziika padera ndalama ya takisi osaikhudza. Ngati mumakhala kutali, mumagwira ntchito ya mashifiti ausiku, muli ndi wodwala wopita kuchipatala sabata iliyonse kapena wachibale woyendera njinga ya olumala, gulani galimoto ndipo musamve nazo manyazi.

Amene muli nayo kale ndipo mukukayika, musathamangire kugulitsa. Ikani makiyi m'kabati mwezi umodzi, makamaka mwezi wamvula kapena wozizira, osati wa nyengo yabwino. Lembani ulendo uliwonse umene unakukakamizani kukawatenga, ndi ndalama imene takisi ikanadya pa ulendowo. Mabanja a magalimoto awiri ayambe kuyesa ndi yachiwiriyo.