Chitenge, fani, dummy kapena gripe water: n'chiti chimathandizadi khanda kugona usiku?

Khanda limagona maola 14 mpaka 17 pa tsiku, koma modukizadukiza, chifukwa kamimba kake n'kakang'ono ndipo kamafuna bere pakatha maola awiri kapena atatu alionse. Palibe chogula ku Kamwala kapena ku City Market mu Lusaka chimene chingamugoneke mwana wa milungu iwiri mpaka tambala alire. Chomwe njira zili m'munsizi zingachite n'kufupikitsa nthawi yomutonthoza, ndipo zina mwa izo n'zoopsa.

Kukulunga m'chitenge ndiko kumaposa zonse pa miyezi iwiri yoyamba. Khanda limadzidzimuka lili m'tulo, timanja n'kutambasuka, n'kudzidzutsa lokha. Nsalu imagwira manjawo. Yalani chitenge chopyapyala, pindani ngodya imodzi, mugoneke mwana mapewa ali pa mpindirowo. Kokani mbali imodzi kudutsa pachifuwa n'kuilowetsa kumsana, bweretsani ya kumapazi, mumalize ndi mbali inayo. Zala zanu ziwiri kapena zitatu zizilowa pakati pa nsalu ndi chifuwa. Kumiyendo kukhale komasuka kuti mawondo azipindika, chifukwa kumanga miyendo ili chiwongokere kumawononga mfundo za m'chiuno. Vuto lalikulu kuno ndi kutentha. Mu Okutobala mwana wokulungidwa safunikanso juzi, chipewa ndi bulangete. Gwirani kumbuyo kwa khosi, pakakhala thukuta muchotseni china. Akangoyamba kuyesa kugubuduka, nthawi zina ali ndi miyezi iwiri yokha, kukulunga kuthere pomwepo, popeza akagwa chafufumimba manja ali omangidwa sangathe kudzutsa nkhope.

Phokoso losasinthasintha, la fani kapena la pafoni, limabwera pachiwiri. Limaphimba agalu, nyimbo za kubala ndi zitseko za aneba. Chipangizocho chikhale mamita awiri kuchoka pa mwana, mawu ake otsika moti mutha kuyankhulana osakweza mawu. Fani imasiya malaiti akapita, foni siisiya, bola musaiike pogona mwana.

Dummy, kankhumbu ka mphira koyamwa mwana, imathandiza ana okonda kuyamwa ngakhale atakhuta, koma dikirani mpaka kuyamwitsa kutakhazikika, pa milungu 3 kapena 4. Mukafulumira, mumabisa njala ya mwana ndipo mkaka umachepa poti bere silikuyamwidwa mokwanira. Isakhale ndi chingwe cha m'khosi, iwiritsidwe m'madzi, ndipo isaviikidwe mu shuga kapena uchi. Uchi ndi woletsedwa mpaka chaka chimodzi chifukwa cha botulism, matenda oopsa ofooketsa minofu. Dummy ikagwa mwana ali m'tulo, isiyeni.

Za m'botolo ndiye zili kumapeto, ngakhale kuti azakhali ndi agogo ndizo amayamba kutchula. Gripe water, mankhwala amadzi omwetsa makanda, alibe umboni woti amathetsa kupotokola kwa m'mimba, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza bere lokha kwa miyezi 6, popanda ngakhale madzi. Kulira kwa madzulo kuja kumafika pachimake mwana akakhala ndi milungu 6, kenako kumazilala pa miyezi 3 kapena 4, ndipo mankhwala amene anali m'nyumba nthawi imeneyo ndi amene amatamandidwa. Pa mankhwala owodzeretsa, Piriton sapatsidwa kwa mwana wosakwana chaka, Phenergan kwa wosakwana zaka ziwiri. Mwana wowodzeretsedwa ndi mankhwala amadumpha kuyamwa ndipo kupuma kwake kungafooke. Zitsamba zomwetsa nazonso zili m'gulu lomweli, palibe amadziwa mlingo wake. Kumugeyetsa paphewa akatha kuyamwa, ndi kumuyenda naye pang'ono m'nyumba, kumachita zambiri kuposa zomwetsa zonsezi.

Samalaninso ndi timipando topendekeka ndi timitsamiro tomutchinga m'mbali, timene timapezeka pa salaula. Ku America, kampani ya Fisher-Price inachotsa m'masitolo mpando wa Rock 'n Play mu 2019 ana atafera momwemo. Mutu ukagwera pachifuwa, njira ya mpweya imatsekeka.

Chilichonse mungasankhe, mwana agone chagada, pamatiresi olimba ndi afulati, opanda pilo, neti ya udzudzu itakungidwa bwino osamukhudza kumaso. M'nyumba za chipinda chimodzi ku Chawama kapena Kanyama ambiri amagona naye pabedi limodzi. Ngati ndi choncho, asakhale pakati pa makolo kapena pansi pa bulangete la akulu, asagone ndi munthu amene wamwa mowa kapena wosuta fodya, ndipo pasofa ayi ndithu. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi mbaula ituluke panja musanagone, chifukwa mpweya wa makala sununkha koma umapha.

Mwana wosakwana miyezi 3 amene thupi latentha kufika madigiri 38, akukana bere, akupuma mobanika kapena akuvuta kudzutsa, ameneyo si wotonthoza ndi chitenge. Pitani naye kuchipatala usiku womwewo, kaya ku Matero, ku Chilenje kapena ku chipatala chachikulu cha UTH.